Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Bwato la phula ku Connemara

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinachoka ku Dublin kukayamba ntchito yosamalira okalamba kumudzi wina ku Connemara, kumadzulo kwa mzinda wa Galway, m'dziko la Ireland. Agogo amene ndinkawasamalira anali msodzi m'masiku awo. Nditawauza kuti kwathu ndi ku Nkhotakota ndipo bambo anga ankapha usipa ndi chilimira, anangogwedeza mutu. Loweruka lake mwana wawo anandigogodera m'mbandakucha.

Bwato lawo amalitcha currach. Nditaliona ndinasekera mumtima. Ndi timatabwa topyapyala tokutidwa ndi chinsalu chopaka phula (makolo awo ankakuta ndi zikopa za ng'ombe), lopepuka moti amuna atatu amalisenza chovundikira, inu n'kumangoona miyendo ikuyenda. Nkhafi zake n'zowonda, zosatambasuka kumapeto. Ine wozolowera bwato logoba ndinati ili silifika patali.

Amene sanafike patali ndine. Mwera ndimaudziwa, umamenya mofulumira. Mafunde a Atlantic amakunyamula mwaulemu n'kukutsitsa pang'onopang'ono, ndiye tisanavuule mono wachitatu tiyi yense anali atabwerera m'nyanja.

Miyonoyo amatchera lobster, m'bale wake wa nkhanu koma wamtali, wa zipanira zoopsa. Inatuluka ina yaikulu bwino. Mwana wa agogo uja anaigadabuza, kunsi kwa mchira mazira ali thoo. Anatenga kopanira, n'kudula kachizindikiro ka V kumchirako, kenako phava! m'madzi. Mtima unandiwawa, ndalama zikumira ndikuona. Akuti ya chizindikiro chimenechi lamulo sililola kuigulitsa, chimodzimodzi imene chigoba chake chakumsana sichinakwane mamilimita 87. Ndinakumbukira anyamata akwathu akukokola tiana ta nsomba ndi neti ya udzudzu, ndinangoti zii.

Pobwerera ndinasokonezeka. Pomwe tinakwerera bwato panali pouma, miyala ndi ndere zokhazokha, madzi atathawira kutali. Nyanja yakwathu sichita zimenezo, pomwe kuno madzi amaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku. Bwato lija tinalisenza mtunda wonsewo, ine miyendo ili njenjenje.

Madzulo agogo anandiseka mpaka kutsokomola. Koma nditafunsa za maukonde amene anangounjikidwa m'shedi, nkhope inasintha. Anali ophera nsomba zotchedwa salmon, ndipo chiletsereni boma usodzi umenewo panyanja mu 2007, maukondewo sanalowenso m'madzi. Zomwe anandiuza usiku umenewo ndifotokoza m'gawo 12.