Mudzi umene unasiyidwa kawiri

Ndafika ku České Budějovice kutada kale, koma mawu a gogo amene ndacheza nawo ku Holašovice akundizungulirabe m'mutu, choncho ndaona kuti ndilembe ndisanagone.

Holašovice ndi mudzi waung'ono wa kumwera kwa Bohemia, chigawo cha dziko la Czech, pafupifupi makilomita 16 kumadzulo kwa mzinda uno, m'mphepete mwa nkhalango ya Blanský les. Makomo 23 azungulira bwalo la mamita 210 mulitali ndi 70 mulifupi, ndipo pabwalopo pali dziwe, chipala cha osula zitsulo, ndi katchalitchi ka Yohane Woyera wa ku Nepomuk kamene kanamangidwa mu 1755. Khomo lililonse lili ndi nyumba yogona, nkhokwe ndi chipata chachikulu cholowera ngolo, ndipo makoma oyang'ana kubwalo anakongoletsedwa ndi maluwa oumba ndiponso chaka chimene anamangidwa, zambiri pakati pa 1840 ndi 1880.

Gogowo anali atakhala pabenchi pafupi ndi mjigo wamatabwa, akusenda maapulo ndi kampeni kothera. Mnzanga wa ku Czech kuno ndiye ankamasulira. Nditapereka moni ndinafunsa funso limene kwathu silikanakhala lovuta.

"Agogo, kodi nyumba yokongolayi anamanga ndi makolo anu?"

Anapukusa mutu osasiya kusenda. "Ayi, mwana wanga. Ife tinabwera nkhondo itatha. Amene anamanga ankalankhula Chijeremani, ndipo anasamutsidwa mu 1946."

Ndinasowa chonena. Mnzanga ndiye anandilongosolera kuti kameneko sikanali koyamba kuti mudziwu utaye eni ake. Mfumu Václav II inaupereka kwa amonke a ku Vyšší Brod mu 1292, ndipo pakati pa 1520 ndi 1525 mliri unasesa anthu moti mbiri imati anatsala awiri okha. Amonke aja, posafuna kuti minda igonere, anaitanitsa alimi olankhula Chijeremani a ku Bavaria ndi ku Austria, ndipo zidzukulu za alimi amenewo ndizo zinamanga makoma amene ndakhala ndikuwajambula lero. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, boma la Czechoslovakia linachotsa anthu olankhula Chijeremani m'dziko, ndipo nawonso ananyamuka, kusiya zipata ndi nkhokwe zili chilili. Nyumba zina zinakhala zikuwonongeka kwa zaka zambiri mpaka ntchito yokonza itayamba cha m'ma 1990, kenako mu 1998 bungwe la UNESCO linaika mudziwu pamndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse.

Chimene chandisautsa mtima ndi ichi. Mmene ndinakulira, mudzi ndi anthu: mbumba, nyakwawa ndi manda a makolo. Nyumba ikagwa timaumba njerwa zina, mudzi nkukhalapobe, koma anthu akasamuka malowo timawatcha bwinja ngakhale mitengo ya mango itamabalabe. Ku Holašovice zinthu zasemphana, chifukwa makoma ndiwo akhalitsa pamene anthu asinthana kawiri. Ndinayamba kuipidwa ndi alendo anzanga amene ankangoseka ndi kujambulana patsogolo pa zipata, ngakhale kuti inenso ndinabwera ndi cholinga chomwecho, ndipo mumtima ndinali nditagamula kale kuti ili ndi bwinja lopakidwa laimu.

Kaya nkhope yanga inaonetsa zimenezi, gogo aja anaika mpeni pansi nandiloza denga.

"Denga ilo linkadontha pamene tinkalowa. Anakonza ndi bambo anga, kenaka mwamuna wanga. Ana anga anabadwira momwemu. Ndiye inu mukuti ndi nyumba ya yani?"

Sanafunse mwaukali, ndipo anandipatsa chibenthu cha apulo ndisanayankhe. Ndinalandira ndi manja awiri, koma yankho ndinalibe, ndipo mpaka pano ndilibe. Munthu amene wakonza denga limodzi kwa moyo wake wonse sindingamutche mlendo, komanso amene anaumba maluwa pakhomapo sindingathe kuwachotsa m'maganizo.

Tisananyamuke tinapita kumpoto kwa mudzi, kumene kuli chipilala chokumbukira anthu amene anafa ndi mliri. Ndinaima pamenepo kwa nthawi, mphepo yozizira ikuchokera kunkhalango. Ndinkafuna kubwerera kuti ndikafunse gogo aja ngati zidzukulu za amene anasamutsidwa zimabwera kudzaona makomo a makolo awo, ndiponso ngati amazitsegulira chipata, koma titadutsanso pabenchipo tinangopeza makoko a maapulo m'kambale.