Tisanadzale bango: zimene kafukufuku wa madambo akutiphunzitsa

Ambirife tikayamba kuphunzira za zomera za m'madambo timathamangira kuloweza mayina: bango ndi Phragmites mauritianus, gumbwa ndi Cyperus papyrus, njedza ndi Typha domingensis. Mayinawo ndi ofunika, koma phunziro lenileni lili m'madzi. Chomera chilichonse chimamera pamene chili potengera kuti madzi amafika pati, amakhala miyezi ingati, ndipo amaphwa liti. Gumbwa amafuna malo osaphwa chaka chonse, pomwe bango limapirira chilimwe bola mizu yake ikhudze chinyontho. Choncho wofuna kubwezeretsa dambo ayambe wabweza madzi, kudzala kubwere pambuyo.

Mabuku amakonda kukamba za nyanja ya Chilwa, malo oyamba a Malawi kulowa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi, ndi Elephant Marsh, dambo la m'chigwa cha Shire, amene adalowa mu 2017. Chilwa adauma mu 1968 ndi mu 1995, koma madzi atabwerera zomera zidaphukanso popanda munthu kudzala, chifukwa mbewu ndi mizu zidatsala m'nthaka. Madambo a kuno ku Blantyre ndi aang'ono, timizere chabe m'mbali mwa Mudi, Naperi, Likhubula ndi Lunzu, ndipo vuto lawo ndi lina. Oumba njerwa adachotsa dothi lapamwamba, okumba mchenga adazamitsa mtsinje, ngalande za m'madimba zimatulutsa madzi msanga. Mvula ikugwabe, koma dambo silithanso kuisunga.

Poyeza madzi a pansi sipafunika makina odula. Tengani paipi ya PVC ya mamilimita 50, yotalika mamita 2. Chekani timipata ndi sowo ya zitsulo pa masentimita 50 a kumunsi, mukulungepo kansalu kolola madzi kudutsa, ndipo mutseke kumapeto. Kumbani dzenje la mita 1.5, imikani paipi, thirani mchenga waukhakha mozungulira timipata tija, kenako mutsindire makande pamwamba pake mpaka pakamwa pa dzenje. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mukapanda kutsindira bwino, madzi a mvula amatsetsereka m'mbali mwa paipi ndipo mumalemba kuti dambo lakhuta pomwe mwayeza mvula ya dzulo. Paipi ikhale ndi chivindikiro chobooledwa pang'ono kuti mpweya uzituluka. Imikani mapaipi atatu kapena asanu pa mzere umodzi wochokera kumtunda mpaka pakati pa dambo, ndipo muziyeza pamene madzi afika m'mapaipimo sabata iliyonse kwa chaka chathunthu. Muyeso wa mu Okutobala, mvula isanayambe, ndi umene umanena chimene chingakhale moyo pamalopo.

Nthaka nayo imasunga mbiri ya madzi. Mukakumba ndi kunyema chibuma chonyowa, yang'anani mtundu wake. Dothi lotuwa ngati phulusa limasonyeza kuti madzi amakhalapo miyezi yambiri mpaka mpweya kusowa. Timadontho tofiira ta dzimbiri, makamaka motsatira njira za mizu, timasonyeza pamene madzi amakwera ndi kutsika. Mukapeza dothi lotuwa pamalo pamene lero pauma, ndiye kuti dambo lidafika pamenepo kale, ndipo malire a ntchito yanu ndi amenewo.

Zomera ziwerengedwe pa mzere womwewo wa mapaipi. Pa mamita 5 aliwonse ikani fulemu ya mita imodzi mbali zonse, mulembe mitundu yonse ili mkatimo ndi gawo la malo limene uliwonse waphimba. Khomani zikhomo kuti chaka chamawa mudzabwerere pomwepo. Chomera chosachidziwa chizulidwe chonse, maluwa kapena ngala zake pamodzi ndi mizu, chifukwa mitundu ya Cyperus, gulu la gumbwa, imafanana masamba ndipo ngakhale akatswiri a ku National Herbarium ku Zomba, kosungira zitsanzo za zomera, amavutika ndi masamba okha.

Gawo limene timaliona kuti ophunzira salilabadira mokwanira ndi la mbewu zogona m'nthaka. Tapani dothi la masentimita 5 apamwamba m'malo osachepera khumi, chotsani mizu, muliyale masentimita 2 m'mabeseni oboola pansi mmene mwayamba mwathira mchenga wokazinga pamoto. Mabeseni ena akhale achinyontho chabe, ena muwaike m'chidebe kuti madzi aphimbe dothi masentimita 5. Beseni limodzi likhale la mchenga wokhawokha, kuti mudziwe mbewu zobwera ndi mphepo. Pakatha miyezi itatu mudzaona chimene dambo lingaphukitse palokha. Ngati zomera za m'dambo zatuluka zambiri, ndalama ya mbande ndi yongotaya. Ngati mwatuluka chisoso ndi bonongwe basi, monga zingachitike pamalo pamene adaumbapo njerwa, kudzala sikungapeweke.

Kubweza madzi kumayamba ndi chigwembe. Chigwembe chimadya dambo chobwerera chakumtunda, ndipo chikazama mita imodzi chimakokera pansi madzi a m'mbali mwake. Mangani timadamu ta miyala tosapitirira masentimita 50, tolowa m'khoma la chigwembe mbali zonse, pakati potsikirapo kuti madzi adutse pamenepo, ndipo muyale miyala kunsi pamene madzi akugwera. Nsonga ya kadamu ka kumunsi ilingane ndi tsinde la ka kumtunda. Damu limodzi lalitali limagumuka ndi mvula ya Januwale, ndipo losalowa m'khoma madzi amangolilambalala n'kukumba chigwembe china. Kumtunda kwa dambo dzalani vetiva mopingasa chitsetso, timaphata ta mphukira ziwiri kapena zitatu, motalikirana masentimita 10 mpaka 15, masamba atadulidwa pa masentimita 20. Mpata ukatsala pamzere, madzi onse amathamangira pomwepo.

Bango limadzalidwa ndi tsinde lake loyenda pansi pa nthaka, chidutswa cha mfundo ziwiri kapena zitatu, motalikirana theka la mita, pa matope onyowa osati m'madzi akuya. Mukadula phesi mopingasa mudzaona kuti ndi lamphako, ndipo njedza ili ndi timabowo tambirimbiri ngati siponji. Ndi mmene mpweya umatsikira ku mizu ili m'matope. Phesi lonse likamira, chomera chimabanika. Njira yomweyi ndi yochepetsera njedza pamene yachulukitsa: idulidwe kumapeto kwa chilimwe kuti madzi akakwera zitsa zimire masentimita 15 kapena kuposa kwa masabata angapo. Njedza ikadzaza dambo lonse m'tauni, nthawi zambiri ndi chizindikiro cha suweji kapena fetereza, ndipo kudula osatseka gwero la uvewo ndi ntchito yobwereza chaka ndi chaka. Namasupuni, wochokera ku South America uja amene amavutitsa makina a magetsi ku Nkula, nayenso amakonda madzi otere. Wovuulidwa aunjikidwe kutali ndi madzi, pakuti kachidutswa kamodzi kamayambitsanso mliri.

Za mitengo tinene mosabisa. Nyengo yodzala mitengo ikafika anthu amaona dambo ngati malo opanda kanthu, n'kudzalamo bulugamu. Dambo mwachilengedwe ndi la udzu, ndipo bulugamu amamwa madzi ngakhale m'chilimwe. Katope, mkuyu ndi mbawa zili ndi malo ake m'mphepete mwa mtsinje, osati pakati pa dambo.

Chotsala ndi eni madimba. Mayi amene amapeza ya sukulu ya ana pogulitsa mpiru ndi tomato sangasiye dimba chifukwa cha pepala la kafukufuku, ndipo zikhomo ndi mapaipi zoikidwa osauza amfumu sizikhalitsa. Chothandiza ndi kugwirizana za mzere wosalimidwa m'mbali mwa madzi, kuchepetsa kuya kwa ngalande, ndi kupatsa anthu omwewo ufulu wodula bango la mphasa m'chilimwe, chigawo china chaka chino, china chaka chamawa. Mbuzi ndi moto zisafike pa zodzalidwa kwa nyengo ziwiri zoyambirira. Mafulemu aja awerengedwenso mu Epulo ndi mu Okutobala, ndipo chithunzi chijambulidwe mutaima pa chikhomo chomwecho, kuyang'ana mbali yomweyo.