Kupita ku Oshkosh pa ndege ya mu 1953

Ndege yathu ndi Cessna 170B, yopangidwa mu 1953. Ili ndi mipando inayi, koma mukadzaza mafuta n'kukweza tenti ndi zikwama, imasanduka ya anthu awiri basi. Matayala akuluakulu ali kutsogolo, kakang'ono kali kumchira, choncho ikaima mphuno yake imaloza m'mwamba. Kampani ya Cessna inapanga ndege zamtunduwu kuyambira 1948 mpaka 1956, chaka chimene inatulutsa 172, ya tayala kumphuno komanso yosavuta kutera. Anthu ambiri anathamangira yatsopanoyo. Ine mtima wanga unatsalira pa yakaleyi, ndipo mu Julaye ine ndi akazi anga tinanyamuka nayo kuchokera kumadzulo kwa America kupita ku Oshkosh, m'chigawo cha Wisconsin, kumene kumachitika msonkhano waukulu wa ndege chaka ndi chaka.

Ulendo wotere umayambira m'shedi, kudakali miyezi. Lamulo limafuna kuti ndege iziunikidwa yonse chaka ndi chaka, ndipo ya zaka zoposa 70 imasowa makaniko woleza mtima, wodziwa kufufuza dzimbiri m'kati mwa mapiko ndi kuwerenga mabuku a mbiri yake olembedwa pamanja ndi anthu amene ena anamwalira kalekale. Injini yake ndi Continental ya masilinda 6, ya mphamvu za mahatchi 145. Inapangidwira mafuta a okiteni 80 omwe masiku ano sapezeka. A 100LL amene timathira ali ndi mtovu wambiri, womwe umakanirira pa mapulagi. N'chifukwa chake sindiyenda popanda mapulagi apadera, sipanala, oyilo ndi zingwe zomangira ndege pansi. Amene amaganiza kuti kukhala ndi ndege yakale ndi kuuluka kokhakokha sanagonepo chagada pansi pake akupukuta oyilo.

Masamu ake ndi awa. Imathamanga pafupifupi makilomita 190 pa ola, imamwa magaloni 8 pa ola, ndipo m'matanki mafuta ogwiritsika ntchito ndi magaloni 37. Ine pakatha maola atatu ndimatera, geji inene zotani. Ndiye ulendo wautali umangokhala timaulendo tatifupitifupi tolumikizana, kalikonse kofuna kuganiziridwa pakokha.

Pamene panandidyetsa mutu ndi m'chigawo cha Wyoming. Ndege yaing'ono chonchi siilimbana ndi nsonga za mapiri a Rocky. Umafuna potsika, ndipo njira yodziwika ndi kutsatira msewu wa I-80 kudzera ku Rock Springs, Rawlins ndi Laramie. Potsikapo n'pokwera ndithu: bwalo la ku Laramie lili pamtunda wa mamita oposa 2,200 kuchokera pa nyanja yaikulu. Mpweya kumeneko ndi wopepuka, ndipo injini imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu zake pa mafiti 1,000 alionse amene wakwera. Dzuwa likatentha zimanyanya. Umakankha thirotulo, kachitsulo kowonjezera moto wa injini, mpaka kumapeto, ndege n'kumangothamanga pansi ngati ng'ombe yolemedwa ndi goli, iwe maso ali kumathero kwa msewu wake. Mankhwala ake ndi kulawirira m'mamawa mpweya ukadali wozizira, ndi kuchepetsa mafuta olowa mu injini kuti agwirizane ndi mpweya wochepawo.

Ku Rawlins mphepo inatigoneka. Inkawomba chopingasa msewu wa ndege, ndipo ndege ya tayala kumchira siseweretsedwa pa mphepo yotere. Kulemera kwake kuli kumbuyo kwa matayala akuluakulu, moti ikangopotoka pang'ono mchira umafuna kupitirira mphuno; mapazi akachedwa pa mapedulo owongolera mchira, yazungulira n'kukhulitsa phiko pansi. Akazi anga atandiona ndikuyang'anitsitsa kansalu kosonyeza mphepo anangoti, “Bambo, Oshkosh sithawa. Mangani ndegeyo.” Ndinamanga.

Kudikirako kunatipatsa mpata wocheza ndi mkulu wina wa pabwalopo, amene anatikumbutsa kuti njira yathuyi ndi yomwe ankadutsa onyamula makalata pandege m'ma 1920, akutsatira njanji ya Union Pacific. Boma linawamangira mivi ikuluikulu ya simenti pansi yoloza kolowera, ndipo ina ilipobe m'tchire mpaka lero. Ife tili ndi GPS pa tabuleti, komabe mapu apepala amakhala pamwendo panga, chifukwa tabuleti ikapsa ndi dzuwa imazima yokha.

Titadutsa Cheyenne dziko linatsika, injini n'kuyamba kupuma bwino. Nebraska tinaidutsa motsatira mtsinje wa Platte, minda yozungulira ili mbwee pansi, mawindo ali otsekula. Kumeneko mdani ndi mitambo ya mabingu imene imakula masana, choncho pofika nkhomaliro tinkakhala titatera kale. Ku Iowa, m'mawa wina wachinyontho, liwu la injini linayamba kukhakhala ndipo singano yosonyeza kuzungulira kwake inatsika pang'onopang'ono. Anali madzi oundana m'kabuleta, zimene zimachitika ngakhale kunja kukufunda, poti mafuta akamasanduka nthunzi amaziziritsa kwambiri pakhosi pa kabuletayo. Ndinakoka kachitsulo kolowetsa mpweya wotentha, injini inatsokomola pomeza madziwo, kenako inayera mawu. Khutu linamva geji isananene, ndipo phindu louluka ndi ndege imodzimodzi zaka zambiri ndi limeneli.

Mtsinje wa Mississippi tinawoloka cha ku Dubuque.

Msonkhano wa ku Oshkosh amakonza ndi bungwe la okonda ndege la EAA, limene Paul Poberezny anayambitsa mu 1953, chaka chomwe ndege yathu inapangidwa, ndipo wakhala ukuchitikira kumeneko kuyambira 1970. Kumabwera ndege pafupifupi 10,000, choncho kalowedwe kake n'kapadera. Umalowa pamzere, n'kudutsa pa tauni ya Ripon kutsatira njanji, pa mafiti 1,800 ndi liwiro la ma knot 90 (pafupifupi makilomita 167 pa ola), ndege ina kutsogolo, ina kumbuyo. Pa kamudzi ka Fisk pamakhala oongolera ndege ali pansi ndi mabainokyula. Sakutchula nambala, amangotchula mtundu wa ndege ndi penti yake, ndipo iwe suyankha pa wailesi, umangogwedeza mapiko. Pa msewu wa ndege anapentapo madontho akuluakulu amitundumitundu kuti ndege zingapo zizitera nthawi imodzi. Ife anatipatsa lobiriwira, ndipo manja anga anali thukuta lokhalokha.

Anatiimika pa udzu, kumalo a ndege zakale, tinakhoma tenti pansi pa phiko. Ndisanamalize n'komwe kumanga zingwe, bambo wina wa imvi anali atagwada kale kumchira akuona tayala lathu, n'kundiuza kuti sipuling'i yake yayamba kufooka ndipo akudziwa munthu amene ali nayo yapadera mizere iwiri kuchokera pamene tinali. Ndinakaigula tsiku lomwelo, chifukwa pobwerera kumadzulo mphepo imakhala ya kumaso, matera amachuluka, ndipo Wyoming uja anali akutidikirabe.