Timagulitsa chinyezi ku Indiana

Ine ndi mayi akunyumba tili ndi kabizinesi kokonza ndi kusamalira makina otchedwa humidifier, amene amathira chinyezi mu mpweya wa nyumba yonse nthawi yachisanu. Tili ku South Bend, kumpoto kwa Indiana, ndipo timafikanso ku Mishawaka, Granger, Elkhart ndi ku Niles kutsidya kwa malire a Michigan. Abale kumudzi akandifunsa pa foni kuti kodi ku Amerikako mukugwira yanji, ndimangoti ndimagulitsa chinyezi. Amaseka, ena amayesa ndikubisa ntchito yeniyeni. Koma ndi yomweyo, ndipo ndi imene ikutidyetsa.

Kuti munthu amvetse chimene anthu amatilipirira, ayambe wadziwa mmene nyumba za kuno zimatenthetsedwera. Zambiri zili ndi furnace, ng'anjo ya gasi yokhala m'chipinda chapansi, imene imapemerera mpweya wotentha kudzera m'mapaipi akuluakulu a malata mpaka chipinda chilichonse. Vuto limachokera panja. Mpweya wozizira sutha kunyamula madzi ambiri. Kunja kukakhala madigiri 10 pansi pa ziro, mpweya wa mu kyubiki mita imodzi umanyamula madzi ongopitirira pang'ono magalamu 2, ngakhale utakhuta bwanji. Mpweya womwewo ukalowa m'nyumba n'kutenthetsedwa kufika madigiri 21, umakhala ndi malo a magalamu 18. Ndiye umalowa ndi ludzu, n'kuyamba kumwa paliponse pamene pali madzi: pakhungu, m'milomo, m'mphuno, m'matabwa apansi mpaka amasiya mipata, m'zitseko, m'gitala ndi m'piyano. Ukayenda pa kapeti n'kugwira chitseko, magetsi amakuluma chala. Kuno chisanu chimayamba mu Novembala, ndipo ndi chipale chimene chimachokera ku Lake Michigan, ng'anjo zimayaka mpaka Malichi kapena Epulo.

Ndisanayambe zimenezi ndinadutsa m'njira imene Amalawi ambiri a kuno adutsamo. Ndinagwirako m'mafakitale a ku Elkhart opanga magalimoto ogonamo aja, ndinasamalirako okalamba usiku, kenaka ndinayamba maphunziro a zotenthetsa ndi zoziziritsa nyumba ku koleji ya Ivy Tech. Nditamaliza ndinalembedwa pa kampani ina yokonza ng'anjo. Kumeneko ndi kumene ndinaona kuti humidifier ndi mwana wamasiye. Kampani yaikulu phindu lake lili posintha ng'anjo yonse kapena makina oziziritsa, ntchito ya madola masauzande. Kabokosi kapulasitiki kopachikidwa pambali pa paipi sikalipira ngakhale ulendo wa galimoto. Tinkafika, kuyeza ng'anjo, kusintha sefa, kabokosi kaja n'kungokayang'ana ndi diso limodzi. Eni nyumba ambiri sankadziwa n'komwe kuti ali nako. Ena anakapeza pogula nyumba, kali chitsekere zaka zambiri, kwinaku m'chipinda chilichonse muli timakina tapatebulo timene amatidzaza madzi usiku uliwonse.

Mpamba unachokera ku chipereganyu cha anzathu a kutchalitchi. Itafika nthawi yathu yolandira, tinagula vani yakale, tinalembetsa kampani ku boma, tinalipira inshuwalansi, zotsalazo tinagulira zida ndi katundu woyambira. Makasitomala oyamba anali a kwathu omwewo, kenaka anzawo a kuntchito, kenaka oyandikana nawo nyumba. Sitinalipirepo zotsatsa malonda kupatula tsamba la pa Facebook ndi kapepala komata pa makina alionse amene takonza.

Ndimakumbukira mayi ena achikulire amene anabwera kuchokera kumudzi kudzathandiza mwana wawo chikuta, m'kati mwa Januwale. Nditangolowa anandilandira ndi dandaulo. “Mwana wanga, dziko lino lili ndi chiyani? Milomo yang'ambika, m'mphuno mukutuluka magazi, ndikadzola mafuta akungouma.” Ndinati, “Amayi, pepani, tiyeni tione kaye kunsi kuno.” Makina analipo, koma vavu ya madzi inali yotseka ndipo chinyezi m'nyumba chinali pansi pa 20 peresenti. Ndinakonza, ndinawauzanso kuti magazi akapitiriza apite kwa dokotala, poti ine ndimadziwa mapaipi basi. Mayi amenewo anatilalikira kwa aliyense amene anabwera kudzaona mwana.

Makina amene timakumana nawo kwambiri ndi a Aprilaire, kampani ya ku Madison ku Wisconsin imene inayamba kupanga zimenezi m'ma 1950, kenaka a Honeywell ndi GeneralAire. Mtundu wofala ndi wa bypass, monga Aprilaire 500 ndi 600. Ulibe fani yakeyake. Umapatutsa mpweya wotentha wochokera ku ng'anjo, n'kuudutsitsa pa kachisa ka aluminiyamu kokutidwa ndi dothi, kamene timangokatcha padi, pamene madzi akutsetsereka kuchokera pamwamba. Ena amasanduka nthunzi, otsala amapita ku dreni. Wa 600 amaulemba kuti umathira magaloni 17 pa tsiku, pafupifupi malita 64. Wa 700 uli ndi fani yake ndipo umakwanira pamene palibe malo oika paipi yopatutsira. Palinso wakale wa mgolo wozungulira m'beseni la madzi. Umenewu sindiukonda ngakhale pang'ono, chifukwa madzi okhazikika pamalo ofunda ndi munda wa nkhungu, ndipo mpweya wake ukupita kuchipinda kwa ana. Ndikaupeza ndimauza mwini nyumba kuti tiuchotse, ngakhale utakhala kuti ukuzungulirabe.

Mdani wathu, amenenso ndi bwenzi la thumba lathu, ndi madzi a kuno. South Bend imamwa madzi a pansi pa nthaka, ndipo ali ndi laimu wambiri. Madzi akasanduka nthunzi laimuyo amatsala. Amene anaphikirapo tiyi madzi a pamjigo wa mchere akudziwa mmene ketulo imayerera m'kati, ndiye padi ya chaka chimodzi imaoneka choncho, yolimba, yoti madzi akungodutsa m'mbali osainyowetsa. Anthu ena amayesa kuiviika mu viniga kuti apulumutse ndalama. Viniga amachotsa laimu, inde, koma amakokololanso dothi lija limene limagwira madzi, n'kutsala chitsulo chonyezimira chopanda ntchito. Padi ndi yosintha kamodzi pachaka, mwinanso kawiri ngati madzi ali oipitsitsa. Ndipo ili ndi mutu ndi miyendo: pali kachizindikiro ka utoto kosonyeza mbali yopita kumwamba.

Ndikafika pa makina amene sakugwira ntchito, ndimatsata njira ya madzi kuyambira kumene achokera. Nyumba zambiri anazilumikiza ndi kavavu kongoboola paipi ndi singano, kotchedwa saddle valve. Kamenekako kamatsekeka ndi laimu, apo ayi kamayamba kudontha mwakachetechete kuseri kwa thanki ya madzi otentha mpaka pansi pataola. Ndimakachotsa n'kuika vavu yeniyeni. Kuchoka apo pali solenoid, vavu yamagetsi a mavoti 24, imene imatseguka makina akapempha madzi. Ukakweza humidistat, kabatani kosankhira kuchuluka kwa chinyezi, ng'anjo ikuyaka uyenera kumva kuti “tha”. Ikapanda kulira ndimayeza magetsi. Ngati mavoti 24 akufika koma iyo ili chete, yapsa. Ngati sakufika, vuto lili pa thiransifoma, pa waya kapena pa humidistat. Ikalira koma madzi osabwera, ndiye kasefa kake kapena kabowo kakang'ono koyeza madzi katsekeka. Choopsa ndi solenoid yokanirira ili yotseguka, chifukwa madzi amangoyenda usana ndi usiku, chilimwe chonse, mwini wake n'kudzadzidzimuka ndi bilu. Pomalizira ndimayang'ana kathireyi kapamwamba kogawa madzi ngati kali kowongoka, ndi paipi ya dreni ngati sinapindike. Ntchito yonseyi sifika ola limodzi pa makina amene amaonedwa chaka ndi chaka. Pa amene anaiwalika, umayamba wamenyana ndi zomangira zadzimbiri.

Makina a nthunzi, monga Aprilaire 800, ndi nkhani ina. Amawiritsa madzi m'kachitini podutsitsa magetsi pakati pa zitsulo zomizidwa m'madzimo, ndiye laimu amene amavutitsa makina ena aja, kuno ndi amene amathandiza magetsi kuyenda. Ukawapatsa madzi osefedwa kotheratu sawira. Amathira chinyezi chambiri, kupitirira magaloni 30 pa tsiku akalumikizidwa ku mavoti 240, ndipo ndi oyenera nyumba zazikulu za ku Granger zokhala ndi matabwa odula. Koma amadya magetsi, ndipo kachitini kake n'kosintha pafupifupi chaka chilichonse. Ndimanena zimenezi munthu asanagule, osati atalandira bilu yoyamba.

Chimene chimanditengera nthawi yambiri si sipanala ayi, ndi kukambirana. Munthu amene wangolipira makina a chinyezi amafuna chinyezi chambiri, amakweza mpaka 50 kapena 60 peresenti n'kusiya pomwepo chisanu chonse. Bungwe la boma loona za chilengedwe la EPA limalangiza kuti m'nyumba mukhale pakati pa 30 ndi 50 peresenti, koma nambala imeneyi siyendera yokha, imadalira kunja. Mpweya wonyowa ukakhudza galasi lozizira umasanduka madzi. Pa windo umawaona n'kupukuta. Amene suwaona ndi a m'kati mwa khoma ndi kudenga, kumene nthunzi imakaundana pansi pa matabwa, n'kudzasungunuka kukayamba kufunda, anthu n'kumaitana okonza denga pamene denga lili bwinobwino. Malangizo a opanga makinawa ndi akuti kunja kukakhala madigiri 7 pansi pa ziro m'nyumba musapitirire 35 peresenti, pa madigiri 18 pansi pa ziro mutsike kufika 25, ndipo pa 29 pansi pa ziro mufike 15. Kumapeto kwa Januwale 2019, pamene chisanu chinadutsa madigiri 25 pansi pa ziro kuno, mafoni amene tinalandira sanali a makina oonongeka. Anali a anthu amene mawindo awo anaundana m'kati, ndipo mankhwala ake anali kutsitsa kabatani. Masiku ano pali ma humidistat okhala ndi kachipangizo koyeza kuzizira kwa panja, amene amadzitsitsa okha. Ndimawalimbikitsa kwa aliyense, makamaka okalamba amene kutsika masitepe a kunsi n'kowavuta.

Nthawi zina ndimakana kugulitsa. Nyumba zatsopano zimamangidwa zothina kwambiri moti nthunzi ya kubafa, ya kukhitchini ndi mpweya wa anthu okhalamo zimakwanira. Kwa Amalawi anzanga amene m'nyumba mwawo mphika wa nyemba ndi wa nsima suchoka pamoto, kawirikawiri ndikayeza ndimapeza chinyezi chili kale pa 35. Ndimawauza kuti achimwene, sungani ndalama zanu, gulani kachipangizo koyezera ka madola ochepa muziyang'ana. Mbali inayi kuli nyumba zakale za pakati pa tauni, zolowa mphepo paliponse. Mmenemo ungaike makina aakulu bwanji chinyezi chimangotulukira m'ming'alu, ndiye ndimati titseke kaye mipata ya m'mawindo ndi kudenga, za makina tidzakambe pambuyo. Mayi akunyumba poyamba ankandiyang'ana ndi diso lofiira ndikabwera chimanjamanja. Anasiya ataona kuti anthu omwe ndinawakaniza aja ndi amene akutitumizira anzawo ambiri.

Ndiyenera kunena kuti bizinesi yeniyeni ili m'manja mwa iwowo. Ine ndimangoyenda ndi vani. Iwo ndi amene amasunga kaundula wa nyumba iliyonse: mtundu wa makina, nambala ya padi, kaya ndi 10 kapena 35, tsiku limene tinasintha, ngati m'nyumbamo muli makina ofewetsa madzi, ngakhalenso ngati pali galu wolusa. Ikafika Seputembala amayamba kuimbira anthu mmodzimmodzi kuwakumbutsa. Munthu saganiza za humidifier mpaka milomo itang'ambika, ndipo nthawi imeneyo aliyense amaimba tsiku limodzi. Kaundulayo ndi amene amatigawira ntchito kuti tisapanikizike mu Disembala. Amene amalipira pachaka timawayendera kawiri: nthawi yotsegula, ndi mu Epulo kapena Meyi kukatseka madzi ndi kutembenuza kachitseko ka m'paipi yopatutsira, chifukwa kakasiyidwa kotseguka makina oziziritsa amangozungulitsa mpweya wawo womwe pachabe.

Chilimwe ndiye nyengo yathu ya njala. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kuno kumatentha monyowa, ndipo palibe amene akufuna chinyezi china. Zaka zoyamba ndinkabwerera ku maganyu. Panopa timagwira ntchito yotembenuza: kuika ndi kukonza makina ochotsa chinyezi m'zipinda zapansi, kutsegula madreni a makina oziziritsa, ndi kusintha masefa. Zokhudza gasi wa m'makina oziziritsa zimafuna satifiketi ya EPA ya Section 608, imene ndinaitenga ndili kusukulu, ndipo ikutithandiza tsopano. Sizifika pa ndalama za nthawi yachisanu, koma lendi ndi inshuwalansi zimatuluka.

Chaka chino tatenga mnyamata wa mlongo wanga kuti aziyenda nane. Manja ali nawo, padi amasintha mwachangu kuposa ine, koma akadali ndi mtima wofuna kusintha solenoid asanayeze magetsi, ndipo akaona kasitomala akukweza kabatani amachita manyazi kumuletsa. Ndikufuna tigule vani yachiwiri kuti iye azigwira mbali ya Elkhart ine ndizitsala kuno. Mayi akunyumba akuti za vani tidzakamba mnyamatayo akamaliza maphunziro ake ndi kutenga mapepala, ndipo poti buku la ndalama lili ndi iwo, chisanu chino tiyenda ndi imodzi yomweyi.