Tsiku limene ndinadula antena mpaka kutsala chitsa

Kamakina kake n'kakang'ono ngati foni, dzina lake NanoVNA. Kuchokera tsiku limene kanafika m'manja mwanga, ndinayamba kuyenda ngati Mangochi yense alibenso injiniya wina. Ndiye a pa wailesi ina ya m'dera kuno atandiimbira kuti mawu awo sakufika bwino kutsidya kwa Shire, sindinafunse n'komwe zambiri. Ndinangoti, "Vuto ndi antena basi, ndikubwera."

Ntchito ya kamakinaka ndi kutumiza siginolo m'chingwe n'kuyeza imene yabwerera. Ikabwerera yochepa, nambala imene kamakinako kamaonetsa, yotchedwa SWR, imayandikira 1, kusonyeza kuti antena ili bwino. Koma kamakinaka kali ndi bodza lake lobadwa nalo, ngati sikelo ya vendala: siginolo ina imadontha m'kati momwemo, chingwe nachonso chimawonjezera zake. Ubwino wake bodzali silisinthasintha, choncho limachotseka. Usanayeze, umamanga kumapeto kwa chingwe tizitsekerero titatu, kamodzikamodzi: short (kogunditsa mawaya awiri a chingwe), open (kosiya chingwe ngati chopanda kanthu), ndi load ya ma ohm 50 (koimira antena yabwino). Kamakinako kamadziwa kale yankho la kalikonse, ndiye kamaona pamene kakulakwitsa n'kudzikonza.

Unali Okutobala. Amene anakhalapo ku Mangochi mwezi umenewu akudziwa kuti ngakhale mbuzi zimaleka kudya masana. Thukuta linali m'maso, magalasi ndinawasiya dala kunyumba kuti ndioneke mnyamata, ndipo tizitsekereroto n'tochepa ngati mtedza. Kamakina katafunsa open, ndinamanga load. Katafunsa load, ndinamanga open. Sikanadandaule. Kamakhulupirira chilichonse chimene waphunzitsa.

Ndinakwera makwerero, mlonda wa pamalopo, mdala wa chikofia choyera, atandigwirira pansi. Kuyeza antena, SWR inathawira kumwamba. Ndinapukusa mutu mokweza kuti bwana wa wailesi aone. "Amene anapanga antena iyi sanapite kusukulu," ndinatero.

Mkono uliwonse wa antenayo unali wa masentimita pafupifupi 70, monga zimafunikira pa wailesi za FM zoyandikira 100 MHz. Ndinatenga sowo n'kudulako pang'ono. Nambala inatsika. Ndinadulanso, inatsikanso. Mtima unangoti myaa. Zidutswa za aluminiyamu zinali kugwa pansi, ngwe, ngwe, mdala uja akuzitola n'kumaika m'thumba.

"Achimwene," anandiitana, "kodi ikamafupika ndiye imamveka patali?"

"Madala, izi ndi za sayansi. Inu gwirani makwerero."

"Chabwino bwana."

Mikono itatsala ngati supuni, SWR inali itafika pa 2. Ndikusuntha kuti ndidulenso, chingwe chinasololoka pa antena n'kumangolendewera m'malere. Kuyang'ana pa kamakina: 1.0. Nambala imene injiniya aliyense amailota. Popanda antena!

Ndinakhala duu pamwamba pomwepo, Shire akuyenda phee patsogolo panga. Pang'onopang'ono zinayamba kulowa m'mutu. Ndinali nditaphunzitsa kamakina kuti chingwe chopanda kanthu ndiye changwiro, ndipo ma ohm 50 ndiye tsoka. Antena ya eni ake inali yabwinobwino. Ine ndinkaidula kuti ifanane ndi mphepo.

Ndinatsika, ndinabwereka magalasi a mdala yemwe uja, n'kuyambiranso. Apa m'pamene ndinaona kuti open ilibe kasingano pakati, pamene load ili nako. Vuto lenileni linapezeka mosavuta: konekita ina ya chingwe chachikulu inali italowa madzi a dzinja lapitalo n'kubiriwira.

Paipi yatsopano ya aluminiyamu ndinagula ndi ndalama za m'thumba mwanga, ndipo wailesi inakhala chete mpaka madzulo. Zidutswa zija mdala anakana kubweza, akuti anatola pansi. Mpaka lero ndikamadutsa pa geti amaimirira mwaulemu, n'kufunsa, "A sayansi, sowo mwatenga?"