Chifuwa chouma ndi mankhwala azitsamba a ku China

Anthu ambiri amaudziwa Mzuzu ngati mzinda wa mvula ndi nkhungu, koma ife okhala kuno tikudziwa kuti kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala mpweya umauma, mphepo imanyamula fumbi m'misewu ya ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa, ndipo utsi wa tchire lotenthedwa umasakanikirana ndi wa mbaula zathu. Imeneyi ndiyo nyengo ya chifuwa chouma, chija chokanda kummero, chosatulutsa makhololo, chimene chimamulanda munthu tulo usiku wonse. Masiku ano pali ena amene akuthamangira mabotolo ndi timapaketi tolembedwa zilembo za Chitchaina, togulidwa m'mashopu kapena kwa anthu otsatsa malonda pa WhatsApp, ndipo ambiri amangomva kuti ndi mankhwala a chifuwa basi. Ine mankhwala amenewa ndimawalemekeza, koma chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi kaganizidwe ka amene anawalemba, ndipo kaganizidweko ndi kamene kamatayika munthu akangogula botolo popanda womufunsa kanthu.

Madokotala akale a ku China ankaona mapapo ngati chiwalo chosachedwa kuvulala, chokonda chinyezi ndi chodana ndi kuuma, ndipo ankati kuuma ndi vuto la nyengo imene imatsatira kutentha kwa chilimwe chawo, pamene masamba akuyoyoka. Komabe sankati chifuwa chouma chonse ndi chimodzi. Ankasiyanitsa kuuma kobwera ndi kutentha, kuuma kobwera ndi kuzizira, ndi kuuma kochokera m'kati mwa thupi lofooka chifukwa cha kudwala nthawi yaitali, ndipo chilichonse mwa zimenezi chinali ndi mankhwala akeake. Asanalembe kalikonse ankayang'ana lilime, kugwira mtsempha wa pamkono, ndi kufunsa ngati wodwala ali ndi ludzu, ngati akutuluka thukuta, ndiponso ngati akumva kuzizira.

Mu 1798 dokotala wina dzina lake Wu Jutong analemba buku lotchedwa Wen Bing Tiao Bian, ndipo m'menemo muli mankhwala otchedwa Sang Xing Tang, a munthu amene chifuwa changomuyamba kumene, thupi likutentha pang'ono, m'mphuno ndi kummero mwauma, ndipo akumva ludzu. Muli zinthu 7: masamba a mtengo wa mabulosi, womwe ulipo m'makomo ambiri kuno, njere ya m'kati mwa chipatso cha apricot, muzu wa sha shen, anyezi wa duwa la bei mu, soya wofufumitsa, khungu la chipatso cha zhi zi, ndi khungu la chipatso cha pear, chomwe si mapeyala athu opaka pa buledi aja ayi. Muyezo wake ndi waung'ono mwadala, chifukwa Wu Jutong ankaphunzitsa kuti mankhwala a kumtunda kwa thupi ayenera kupepuka ngati nthenga. Koma m'buku lomwelo, munthu wa chifuwa chouma amene akumva kuzizira, mutu ukuwawa, mphuno zatsekeka ndipo thukuta silikutuluka, amapatsidwa mankhwala ena, Xing Su San, omwe muli masamba a perilla, jinja ndi makoko a nachesi ouma, zinthu zofunditsa thupi. Anthu awiri otsokomola mofanana kwa womva ali panja, koma mankhwala awo ndi otsutsana, ndipo mwini bukulo akanati kuwasinthanitsa ndi kuwonjezera matenda. Ndikaganiza za m'mawa wozizira wa mu Julayi kuno ndi masana otentha a mu Okutobala, ndimaona kuti kusiyanitsa kumeneku si kwachilendo kwa ife.

Pa kuuma kokulirapo, pamene thupi latentha kwambiri, mpweya ukubanika ndipo lilime lauma, pali Qing Zao Jiu Fei Tang, amene dokotala wina, Yu Chang, anawalemba mu 1658. Nawonso amatsogozedwa ndi masamba a mabulosi, koma muli mwala wa gypsum wozizitsa thupi, chitowe, masamba a loquat, ginseng, ndi ulimbo wophikidwa kuchokera ku zikopa za abulu, wotchedwa e jiao. Pa chinthu chomalizachi mtima wanga sukhazikika, chifukwa kufunika kwa ulimbowu kwachititsa kuti abulu ambiri a mu Africa aphedwe, abulu amene amakoka ngolo ndi kutunga madzi m'midzi ya anthu osauka, mpaka mu Febuluwale 2024 atsogoleri a African Union anagwirizana zoletsa kupha abulu pofuna zikopa zawo. Munthu wa kuno wogula mankhwala okhala ndi e jiao ayenera kudziwa zimenezi.

Amene amandichititsa chidwi kuposa onse ndi akale kwambiri, Mai Men Dong Tang, a dokotala Zhang Zhongjing, yemwe anakhalako cha m'ma 200 Yesu atabadwa. Ndi a chifuwa chokhalitsa chimene chimabwera motsatizana mpaka nkhope kufiira, kummero kuli gwa. Muli zinthu 6 zokha: timizu ta mai men dong, ban xia, ginseng, muzu wotsekemera wa licorice, zipatso za jujube ndi mpunga wamba. Chodabwitsa n'chakuti ban xia ndi chomera choumitsa, chimene munthu sangachiyembekezere m'mankhwala othetsa kuuma, koma Zhang Zhongjing anaikamo gawo limodzi la ban xia pa magawo 7 a mai men dong, kuti chochulukacho chibwezere chinyezi pamene chochepacho chikutsitsa mpweya wokwera ndi kuteteza kuti m'mimba musalemedwe. Mpunga ndi jujube zili mmenemo posamala m'mimba. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti mankhwala otere si mulu wa zitsamba zothiridwa mumphika umodzi, koma chilichonse chili ndi ntchito yake ndi muyezo wake, ndipo kusintha muyezo ndi kupanga mankhwala ena. Ku Japan mankhwala omwewa amatchedwa Bakumondoto, ndipo madokotala a m'zipatala amawalembera odwala.

Kunyoza zitsamba za ku China kungakhale kusayamika, pakuti chimodzi mwa zinthu ziwiri za mu LA amene timamwa tikadwala malungo chinachokera ku chitsamba cha qinghao, ndipo mayi Tu Youyou analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa chotulukira mankhwala a malungo m'chitsamba chimenechi. Koma LA anafika m'zipatala zathu atayesedwa mozama pa anthu ochuluka, pamene mankhwala a chifuwa ndatchulawa kafukufuku wake ngwochepa poyerekeza. Kukhalitsa kwawo kwa zaka mazana ndi umboni woti anthu ankapezamo mpumulo, koma sikutsimikizira kuti botolo lililonse logulitsidwa lero lili ndi zimene zalembedwa kunja kwake.

Ndiponso mawu akuti "zachilengedwe" asatinyenge. Njere yowawa ya apricot ili ndi amygdalin, imene m'thupi imasanduka poizoni wa cyanide munthu akadya yambiri, n'chifukwa chake imakonzedwa kaye ndi kuyezedwa mosamala, ndipo ana ndiwo amene ali pachiopsezo chachikulu. Ban xia wosakonzedwa amatupitsa m'kamwa ndi kummero. Licorice, yemwe ali m'mankhwala ambiri a chifuwa, akamwedwa masiku ambiri amakweza BP ndi kuchepetsa mchere wa potassium m'magazi, zomwe n'zoopsa kwa odwala mtima ndi impso. Zomera za mtundu wa Aristolochia, zimene china mwa izo kale chinkathiridwa m'mankhwala a chifuwa, zimawononga impso ndi kuyambitsa khansa, monga zinaonekera ku Belgium kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pamene amayi ambiri omwa mankhwala ochepetsa thupi anaonongeka impso. Ngati paketi yalembedwa m'zilembo zimene wogula ngakhale wogulitsa sangaziwerenge, palibe amene angatsimikize kuti zoterezi mulibemo.

Koma nkhawa yanga yaikulu ili pa mtundu wachitatu uja, kuuma kochokera m'kati. Mabuku a ku China amalongosola wodwala wa chifuwa chouma chosatha, wotuluka thukuta usiku, wotentha thupi dzuwa likapendeka, wowonda, amene nthawi zina amalavula timagazi, ndipo amamulembera mankhwala monga Bai He Gu Jin Tang, opangidwa ndi anyezi wa duwa la lily ndi mizu ina yofewetsa. Aliyense amene anasamalirapo wodwala kuno azindikira msanga kuti zizindikiro zimenezi ndi za TB. Madokotala akalewo ankachita zomwe akanatha pa nthawi imene kunalibe mankhwala opha kachilomboka, pakuti streptomycin anabwera m'zaka za m'ma 1940. Ife tili ndi mwayi umene iwo analibe: kuyezetsa makhololo ndi kulandira mankhwala a TB n'kwaulere m'zipatala za boma, kuphatikizapo Mzuzu Central Hospital, ndipo TB wamba amachira ndi mankhwala a miyezi 6. Chifuwa chikakwana masabata awiri, munthu ayenera kukayezetsa, ndipo amene ali ndi HIV asadikire n'komwe masabata awiriwo. Botolo lotsekemera likhoza kufewetsa kummero ndi kumugonetsa munthu, pamene matenda akukula ndi kufalikira kwa ana ogona naye chipinda chimodzi.

Palinso chifuwa china chouma chimene mabuku akale sakanachidziwa, chobwera ndi mankhwala a BP monga enalapril ndi captopril. Mayi wina wachikulire wa kumpingo kwathu anatsokomola miyezi ingapo, akumwa mandimu, jinja ndi botolo la ku China limene mdzukulu wawo anawatumizira kuchokera ku Johannesburg. Mnzawo wina, yemwe anagwirapo ntchito ya unamwino, anangowafunsa kuti, "Amayi, kodi chifuwachi chinayamba musanayambe mapiritsi a BP aja, kapena mutayamba?" Atapita kukafotokoza kuchipatala anawasinthira mapiritsi, ndipo chifuwacho chinatha. Funso lotere ndi limene ndikuliona kuti lili pafupi ndi mzimu wa Wu Jutong kuposa botolo lija, chifukwa linayamba ndi kufufuza gwero. Mphumu ndi chilungulira chokwera kummero usiku nazonso zimabweretsa chifuwa chouma, ndipo chilichonse chili ndi chithandizo chake.

Pa chifuwa cha masiku ochepa chobwera ndi fumbi ndi chimfine, zimene mabanja a ku China amachita pakhomo sizitalikirana ndi zathu. Iwo amaphika pear ndi nthunzi pamodzi ndi shuga wa miyala, kapena amamwa supuni ya Nin Jiom Pei Pa Koa, manyuchi a loquat ndi uchi opangidwa ku Hong Kong, amene odwala shuga ayenera kusamala nawo chifukwa cha kutsekemera kwake. Ife tili ndi uchi wabwino wa kuno kumpoto, umene supuni imodzi m'madzi ofunda imafewetsa kummero munthu asanagone, kupatula kwa mwana wosakwana chaka chimodzi, yemwe sayenera kupatsidwa uchi. Kutulutsa mbaula panja ndi kuwaza madzi pabwalo musanasese kumathandizanso kwambiri. Amene asankhabe kumwa mankhwala a ku China, makamaka amayi oyembekezera ndi omwe ali pa ma ARV kapena pa mapiritsi a BP ndi shuga, anyamule paketiyo popita kuchipatala kapena ku famase, aonetse, ndipo anene kuchuluka kwa zimene akumwa pa tsiku ndi tsiku limene anayamba.