Momwe ndinazolowerera zakudya zosaphika kuno ku Ngabu

Wofuna kuyamba kudya zomera zokhazokha, zosaphika, kuno kuchigwa cha Shire ayambe mu Novembala mango akapsa, pamene zipatso zili mbwee ndipo mtengo wake ndi wozizira. Kadyedwe kameneka kamaletsa nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, komanso chilichonse chimene chatenthetsedwa kupitirira madigiri 48 kapena cha pamenepo. Ku Ngabu nyengo imeneyo kutentha kumadutsa madigiri 40, moti akazi anga ankandiseka kuti ndikangoiwala tomato padenga la malata ndiye kuti ndaphwanya kale lamulo.

Nsima sindinaisiye tsiku limodzi. Ndinayamba ndi kadzutsa: m'malo mwa tiyi ndi mandasi, ndinkanyika malambe m'madzi usiku, m'mawa n'kusefa, n'kuphwanyiramo nthochi zakupsa. Thupi litavomera zimenezo ndinasintha nkhomaliro, ndipo mgonero ndi umene unatsala kumapeto, chifukwa ndi pomwe banja lonse limakhala pamphasa imodzi.

Nkhuli inabwera ndi ukali wake. Ngabu ndi kwawo kwa ng'ombe, ndipo pamsewu wa M1 kuchokera ku Thabwa, kudutsa Dyeratu ndi Nchalo, minibasi ikangoima fungo la kanyenya wa mbuzi limayamba kulowa pazenera wogulitsayo asanafike. Kunyumba nako apongozi akaphika nsomba za makakana zochokera kudambo la Elephant Marsh, malovu ankachita kudzadza m'kamwa. Chimene ndinaona n'chakuti nkhuliyo inkakula cha m'ma 4 koloko madzulo, makamaka tsiku limene ndadya vwende ndi nkhaka basi. Zimenezi ndi madzi okhaokha. Mimba imatupa, munthu n'kumaganiza kuti wakhuta, koma mphamvu zimene mtanda wa nsima ya mapira unkapereka sizinalowe. Nthawi zambiri chimene ndinkachitcha nkhuli chinali njala yeniyeni pamodzi ndi kusowa mchere, chifukwa thukuta la kuno limachotsa mchere wambiri.

Mankhwala ake ndinawapeza mumtondo. Chitowe chimalimidwa kwambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ngakhale ambiri amangochigulitsa kwa mavenda osachilawa n'komwe. Ndimatapa chodzadza manja awiri, ndimachipeta, kenako ndimasinja pang'onopang'ono mpaka chitayamba kumata kumunsi ndi kunyezimira mafuta. Pamenepo ndimathiramo mchere wa ayodini, madzi a bwemba ndi katsabola, n'kutakasa mpaka chikhale ngati phala lolimba. Ndimasakaniza ndi kabichi wodula mopyapyala, tomato, anyezi ndi masamba anthete a sangowa (chamwamba). Mafuta, mchere ndi kuwawasa zikakumana palilime, fungo la kanyenya limatha mphamvu. Silitheratu ayi, koma munthu umatha kudutsa pachiwaya osapisa m'thumba. M'thumbamo ndimayenda ndi mtedza, ndipo mtima ukafuna zotsekemera ndimatafuna mzimbe. Mapeyala otsika kuchokera ku Thyolo akapezeka pamsika, tsiku limenelo njala sindiimva.

Pali zinthu zimene sizidyedwa zaziwisi, ngakhale mavidiyo a pa YouTube anene zotani. Nyemba zouma, makamaka zofiira, zili ndi poizoni amene amafa ndi kuwiritsa kokha; kuzinyika m'madzi sikukwanira, ndipo zingapo chabe zimasanzitsa ndi kutsekula m'mimba. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni wa cyanide, n'chifukwa chake makolo ankachinyika masiku angapo asanachiyanike. Manyokola timatafuna chachiwisi kuyambira tili ana, koma ine ndimasenda bwino, ndimadya pang'ono, ndipo chikangowawa ndimalavula. Mtedza ndimausankha umodziumodzi, wakuda, wofota ndi wachuku n'kutaya, chifukwa poizoni wa aflatoxin amawononga chiwindi. Mphodza ndinkazimeretsa pansalu yonyowa, koma kukatentha zimayamba kununkha ndi kuterera msangamsanga, ndiye ndimangomeretsa mu Juni ndi Julayi.

Nkhani ya madzi ndiyo yoopsa kuposa zonsezi. Moto umapha tizilombo, ndipo ukausiya watsala ndi madzi otsukira basi. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nsanje ndi Chikwawa anali m'gulu la maboma oyamba kukhudzidwa. Masamba ambiri a pamsika amachokera kumadimba othiriridwa ndi madzi a m'mitsinje ndi m'zithaphwi. Choncho ndili ndi ndowa yapadera ya madzi othira kolorini monga amatilangizira alangizi azaumoyo. Chilichonse chimatsukidwa mmenemo, chosendeka chimasendedwa, ndipo vwende loduliratu la pamsika sindigula. Madzi akasefukira, ngati mmene zinalili ndi namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, masamba aawisi ndimasiyiratu mpaka nthaka iume. Nthawi ngati imeneyo wokakamira zosaphika ndi wosafuna moyo wake.

Mango akatha mu Januwale, mbale imasauka ndithu mpaka dzinthu zitacha. Kuyambira Meyi kumabwera malambe atsopano, kenako masawu, amene ndimayanika ambiri n'kusunga m'thumba. Malambe ali ndi vitamini C wochuluka, amene amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba, ndiye ndimamwa madzi ake pomwe ndikudya ndiwo zanga za chitowe. Vitamini B12 yekha sapezeka m'chomera chilichonse chodalirika cha m'munda mwathu. Akasowa kwa nthawi yaitali magazi amachepa, manja ndi miyendo zimachita dzanzi, ndipo mitsempha ikhoza kuwonongekeratu. Ndimagula mapiritsi ake kufamase ndikakwera ku Blantyre. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana aang'ono asayese kadyedwe aka, ndipo amene ali pa mankhwala a shuga, BP kapena ma ARV ayambe afunsa adokotala. Ana anga amadya nsima, nyemba zophika ndi nsomba ngati kale.

Chovuta chotsala ndi anthu. Apongozi anandiyang'anitsitsa tsiku lina ndikutafuna kabichi, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Bambo a Chikondi, kodi mwalowa mpingo wanji, kapena kuchipatala akuuzani zina?" Ndinawayankha kuti, "Iyayi amayi, ndili bwinobwino, ndikungofuna kupepuka m'thupi." Sanakhutire, koma tsopano akamabwera kuchokera ku Bangula amanditengera masawu. Pa ukwati ndimadyeratu kunyumba, n'kukangogwira botolo la madzi. Pamaliro pokha lamulo ndimaliika pambali: adzukulu akamaliza kukumba manda n'kubwera mbale ya nsima, ndimasamba m'manja ndi kudya nawo, ndiwo zikakhala nyemba kapena masamba. Mimba imalemera usiku umenewo, ndipo m'mawa mwake nkhuli imadzuka ndi mphamvu, choncho ndimasinjiratu chitowe ndisanapite kusiwa.